Mtengo wopepuka wa m'madzi a ku Chia si balsa, ndipo si wosemera bwato

Funso lachokera kwa msodzi wina wokhala kufupi ndi nyanja yaing'ono ya Chia, m'boma la Nkhotakota. Iye walemba kuti: "Kwathu kuno m'mphepete mwa madzi mumamera mtengo wina waminga, wa maluwa achikasu. Ukauma umapepuka kwambiri moti mwana amanyamula chipika chonse ndi dzanja limodzi. Agogo anga ankaudula tizidutswa n'kumangirira pa ukonde kuti uziyandama. Ndaona pafoni kuti kunja kuli mtengo wotchedwa balsa umene anthu akupeza nawo ndalama zambiri. Kodi ndi womwewu? Kodi ndingaseme nawo bwato lopepuka, kapena kupanga zodzitetezera pamadzi poti majekete ndi okwera mtengo? Nanga balsa weniweniyo ndingadzale kuno?"

Achimwene, zikomo chifukwa cha funso lanu. Mbali ina ya funsoli ikukhudza moyo wa munthu pamadzi, choncho ndiyankha mosapsatira mawu.

Mtengo mukunenawo si balsa. Malinga ndi mmene mwaufotokozera, ndi umene akatswiri a zomera amautcha Aeschynomene elaphroxylon, ndipo m'mabuku ambiri umalembedwa kuti ambatch. Kuti mutsimikize, mukauonetsetse. Tsinde lake limakhala lotupa m'munsi, pamene lakhudzana ndi madzi, n'kumka liwonda kumtunda. Nthambi zake zili ndi ubweya komanso timinga tatifupi. Masamba ndi ang'onoang'ono, ondanda awiriawiri mofanana ndi a bwemba. Maluwa ndi akuluakulu, achikasu chopita ku olenji, opangidwa mofanana ndi a nandolo, ndipo zitheba zake zimakhala zopotana. Ukakula bwino umafika mamita 8 kapena 9. Ndi wa banja limodzi ndi nyemba, nandolo ndi mtedza, ndipo monga abale akewo uli ndi tinthu totupa timene timakoka chakudya cha nayitirojeni kuchokera mu mpweya. Ndi mtengo wa kuno ku Africa, umapezeka m'madambo a mtsinje wa Nile ku South Sudan, ku nyanja ya Chad, ku nyanja ya Victoria, ku Baringo m'dziko la Kenya, mpaka kutsika kuno kwathu ndi maiko oyandikana nafe. Balsa ndi wa kutsidya kwa nyanja yamchere, ku Central America ndi South America, ndipo amamera pamtunda, osati m'madzi. Chimene awiriwa akufanana ndi kupepuka basi.

Kupepukako tikufotokoze bwino, chifukwa mayankho a mafunso anu onse akuchokera pamenepo. Pali chinthu chimene ngakhale akalipentala ambiri sachidziwa. Mnofu weniweni umene umapanga mtengo uliwonse, kaya ndi tsanya, kaya ndi mlombwa, kaya ndi wanu wa ku Chiawu, umalemera pafupifupi mofanana, ndipo ndi wolemera kuposa madzi. Mutati mufinye chipika mpaka mpweya wonse utulukemo, lita imodzi ya mnofu wotsalawo ingalemere pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, pamene lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mnofu wotere umamira. Chimene chimasiyanitsa mitengo ndi kuchuluka kwa timipata ta mpweya m'kati mwake. Tengani zidutswa zouma, chilichonse chokula ngati lita imodzi. Cha phingo kapena cha tsanya chimapitirira kilogalamu imodzi, n'chifukwa chake mitengo imeneyi imamira ikaponyedwa m'madzi. Cha mlombwa chimakhala cha m'ma magalamu 600. Cha malaina chimakhala cha m'ma 450 mpaka 500. Cha ambatch chimakhala pakati pa magalamu 100 ndi 200 okha, ndipo balsa nayenso amagwera cha pomwepo. Izi zikutanthauza kuti m'chidutswa cha mtengo wanuwo, pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 ndi mpweya. Mukachithyola mudzaona kuti m'kati mwake ndi moyera ndi mofewa ngati mtima wa phesi la chimanga, ndipo chikhadabo chimalowa mosavuta.

Mitengo yotere ndi yothamanga pokula. Ambatch amamera pamatope madzi akaphwera, ndipo ayenera kutalika msanga madziwo asanabwerere n'kumumiza. Balsa amamera pamene mtengo waukulu wagwa m'nkhalango, ndipo amathamangira dzuwa mitengo ina isanatseke mpatawo. Mtengo wofulumira chonchi sukhala ndi nthawi yomanga makoma ochindikala m'maselo ake, tizipinda ting'onoting'ono timene timapanga thupi la mtengo. Umamanga opyapyala, ndipo zotsatira zake ndi thunthu lalikulu lopanda mphamvu ndiponso losakhalitsa. Palibe mtengo wopepuka kwambiri umene ulinso wolimba ngati mbawa. Chimene mwapindula pa kulemera mwachitaya pa mphamvu.

Anthu ambiri amayerekeza mitengo imeneyi ndi cork, chija amatsekera mabotolo a vinyo, ndipo ndi bwino kudziwa pamene kuyerekezaku kumathera. Cork si thabwa ayi, ndi khungwa la mtengo wotchedwa Quercus suber umene umamera ku Portugal, ku Spain ndi kumpoto kwa Africa. Portugal yekha amatulutsa pafupifupi theka la cork wa padziko lonse. Mtengowo saudula. Amausenda khungwa koyamba ukafika zaka pafupifupi 25, kenako amadikira zaka 9 kuti asendenso, ndipo umatha kukhala ndi moyo zaka pafupifupi 200. Pa khungwa limeneli ndi pamene wasayansi wa ku England Robert Hooke, mu 1665, anaona koyamba tizipinda ta maselo pogwiritsa ntchito galasi lokulitsa zinthu. Tizipinda ta cork ndi totsekeka mbali zonse, ndipo makoma ake ali ndi mafuta okhala ngati phula amene amakana madzi. N'chifukwa chake chotsekera botolo chimatha zaka chikukhudzana ndi vinyo koma osanyowa m'kati. Thunthu la mtengo silili choncho. Ntchito yake mtengo uli moyo inali kukweza madzi kuchokera kumizu kupita kumasamba, ndiye lili ndi timitsempha totseguka toyenda m'litali mwake. Mukalidula, timitsemphato timakhala pululu kumapeto konse kuwiri. Mukaliika m'madzi, madzi amalowera kumapetoko pang'onopang'ono n'kumalanda malo a mpweya. Chidutswa chimene lero chikuyandama pamwamba penipeni, chikakhala m'madzi masiku ambiri osaumitsidwa chimalemera n'kuyamba kuzama. Agogo anu ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake asodzi akale sankasiya ukonde wonyowa uli mulu, ankauyanika pamchenga pamodzi ndi zoyandamitsa zake.

Tsopano za bwato. Musaseme. Choyamba, thunthu la ambatch silikula mokwanira kuti munthu akhale m'kati mwake. Chachiwiri, ngakhale mutapeza lalikulu, bwato limakhuzidwa pamchenga m'mawa ndi madzulo, limagunda miyala ndi mabwato anzake padooko, limaponderezedwa ndi mapazi, ndi miyala ya ukonde, ndi nsomba. Mtengo wolowa chikhadabo sungapirire zimenezi ngakhale nyengo imodzi. Msomali sugwira, ndipo chingwe chikakoka mwamphamvu chimadula mnofu wake. Chachitatu, bwato lopepukitsa si dalitso pa nyanja yathuyi. Mwera ukayamba, kuyambira cha mu Meyi mpaka mu Ogasiti kapena Seputembala, bwato lopanda kulemera limatengedwa ndi mphepo ndipo nkhafi siilimba nalo. Makolo athu posankha mbawa, mlombwa, mtondo kapena mvunguti sikuti sankaiona mitengo yopepukayi. Ankafuna mtengo umene ungayandame komanso kupirira kwa zaka zambiri. Ndikudziwa kuti mitengo imeneyi yasowa, ndipo ambiri akusema mango ndi malaina, ena akukhoma mabwato a matabwa. Mango ndi malaina sakhalitsa ngati mbawa, koma akuposa ambatch kutalitali.

Kumene anthu amayendadi pamadzi ndi mtengo umenewu, sachita kuusema. Anthu a mtundu wa Ilchamus a ku nyanja ya Baringo amadula mitengo yambiri yowongoka, n'kuimanga pamodzi kukhala kangalawa ka munthu mmodzi kapena awiri, madzi akulowa ndi kutuluka m'mipata. A Shilluk a mu Nile amachitanso chimodzimodzi, ndipo a Buduma a ku nyanja ya Chad amagonera chipika chake posambira kuchoka pachilumba china kupita china. Onsewa amautulutsa m'madzi akamaliza ulendo kuti uume, ndipo amadziwa kuti sukhalitsa, amamanga wina ukatha. Komanso madzi awo ambiri ndi osaya, otetezedwa ndi mabango ndi gumbwa. M'kati mwa Chia tsiku lopanda mphepo, kangalawa kotere kangakufikitseni pa mono wanu, koma ng'ona ndi mvuu zili momwemo, ndipo munthu wokwera pamtolo miyendo yake imakhala pafupi kwambiri ndi madzi. Kutuluka nako panyanja yaikulu, kulowera ku chilumba cha Mbenji kapena kutsata usipa usiku, ndiye ayi ndithu.

Mwina mudzamva wina akunena kuti azungu anawoloka nyanja yamchere pa balsa. N'zoona. Mu 1947 Thor Heyerdahl wa ku Norway ndi anzake asanu anamanga zipika 9 zikuluzikulu za balsa, n'kuyenda masiku 101 kuchoka ku Callao m'dziko la Peru mpaka kuzilumba za Tuamotu m'nyanja ya Pacific. Koma zinali zipika zonenepa kwambiri zomangidwa ndi zingwe, osati bwato losema, ndipo kunja kwa zipikazo kunamwa madzi ulendo uli m'kati. Chinawathandiza n'chakuti madzi sanafike pamtima pa zipikazo.

Funso la zodzitetezera pamadzi ndi limene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndikumvetsa chimene chakupangitsani kuganiza choncho. Majekete abwino ndi odula, m'madooko ambiri sapezeka, ndipo chaka ndi chaka timaika m'manda asodzi, kapena kulira maliro opanda mtembo. Maganizo anu si achilendo. Majekete oyamba odziwika bwino anali a khungwa la mtengo ndithu. Mu 1854 Captain Ward wa bungwe lopulumutsa anthu panyanja ku Britain anapanga jekete ya zidutswa za cork zosokerera pansalu, ndipo majekete otere anagwira ntchito kwa zaka zambiri. Pambuyo pake kunabwera a ubweya wa kapok, mtengo wautali uja umene zipatso zake zimaphulika n'kutulutsa thonje, umene umapezekanso m'malo ena a m'mbali mwa nyanja yathu. Masiku ano ambiri ndi a siponji ya pulasitiki yosamwa madzi.

Tiwerengere limodzi. Chidutswa chouma cha ambatch chokula lita imodzi, cholemera magalamu 150, chimatha kunyamula magalamu 850 m'madzi chisanamire. Jekete yovomerezeka ya munthu wamkulu imapangidwa kuti izikankhira m'mwamba ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 10 mpaka 15. Sifunika kunyamula thupi lonse, chifukwa thupi la munthu likakhala m'madzi limatsala pang'ono kuyandama lokha, chofunika ndi kuti mutu ndi mapewa zikhale pamwamba. Kuti mupeze mphamvu imeneyo pa ambatch mukufunika malita 12 mpaka 18 a mtengo wouma bwino, mtolo wotsala pang'ono kufanana ndi chigubu cha malita 20. Pa masamu okha, zikutheka.

Koma jekete si kuyandama kokha. Inapangidwa kuti mbali yaikulu yoyandama ikhale pachifuwa ndi kuseri kwa khosi, kuti munthu akagwera m'madzi atakomoka, kapena akatopa pakati pa usiku, imutembenuze chagada nkhope ili kumwamba. Mtolo womangidwa molakwika, makamaka kumsana kapena m'chiuno, umachita zosiyana ndi zimenezi: umakweza msana n'kuviika nkhope. Umenewo ungaphe munthu amene akanatha kusambira. Komanso mtengo wokhala m'bwato tsiku ndi tsiku ukunyowa umataya mphamvu yake mwakachetechete, umaola m'kati kunja kukuoneka bwino, ndipo mwini wake amadzazindikira tsiku la ngozi lomwelo. Choncho sindingakuuzeni kuti pangani majekete a ambatch muzivala, ndipo ndikukupemphani kuti musagulitse zotere kwa anzanu, chifukwa munthu akavala chinthu chimene akuchikhulupirira amapita kutali kumene sakanapita. Ngati pali ndalama imene gulu lanu la padooko lingasonkhe, jekete yeniyeni ikhale patsogolo pa zinthu zina zambiri.

Pamene mtengowu ungathandizedi ndi pa bwato lenilenilo. Bwato losema likagubuduka nthawi zambiri silimira, limayandama lili lodzaza madzi, ndipo munthu amene wakakamira pa ilo amakhala ndi mwayi waukulu kuposa amene wayamba kusambira kulunjika kumtunda umene akuuona ngati uli pafupi. Bwato la matabwa lokhala ndi injini, miyala ndi ukonde wonyowa ndi limene lingathe kuzama. Kumangirira mitolo ya ambatch wouma pansi pa mipando, molimba kuti isachoke bwato likatembenuka, kumawonjezera mphamvu yoyandama. Zigubu zopanda kanthu zotsekedwa bwino zimagwira ntchito yomweyo, ndipo kunena zoona zimaposa mtengo, chifukwa chigubu cha malita 20 chimanyamula pafupifupi makilogalamu 19 ndipo sichimwa madzi. Mtolo wina wokhala ndi chingwe chachitali ukhale pamalo osavuta kuutenga, woponyera munthu amene wagwera m'madzi. Ndipo a zanyengo akachenjeza za mwera pawailesi, palibe mtolo, chigubu kapena jekete imene iyenera kukulimbitsani mtima kuti mulowe panyanja.

Ntchito imene agogo anu ankaugwiritsa ndi imene mtengowu unabadwira. Kachidutswa kokula ngati chibakera, pafupifupi kota ya lita, kamanyamula magalamu 200, ndipo tizidutswa totere tikandanda pachingwe chapamwamba timaimika ukonde bwinobwino. Dulani mitengo yokhwima, osati yanthete imene imafota n'kukwinyika ikauma. Sendani khungwa usanaume, chifukwa pansi pa khungwa ndi pamene nkhungu ndi tizilombo tofumbwitsa timayambira. Umitsani pamthunzi podutsa mphepo, pathandala osati pansi, poti chiswe chimaukonda kwambiri. Ukauma dulani ndi mpeni wakuthwa kapena sowo ya mano ang'onoang'ono. Mpeni wobuntha umangophwanya. Sosolani m'mbali kuti musakhale ngodya zokola ukonde, ndipo m'malo moboola pakati, ndi bwino kusema kamzere kozungulira kodutsamo chingwe, chifukwa bowo limatsegula njira ina yolowera madzi. Chofunika kwambiri ndi kutseka kumapeto konse kuwiri, kumene kuli timitsempha tija. Penti wa mafuta, vanishi kapena phula losungunula zimathandiza, ndipo ngati muli ndi penti wokwanira viikani kachidutswa konse kawiri. Oilo wakutha wa injini musagwiritse ntchito, amaononga madzi omwe mukuphamo nsomba ndi kumwa.

Dziwaninso malire ake. Zoyandamitsa za mtengo zimachita bwino pa ukonde wa pamwamba, pa zizindikiro za mono ndi za mbedza, ndi m'madzi osaya monga a mu Chia. Pa matchera otchera pansi pakuya sizichedwa kulema, chifukwa pa mamita 10 okha mphamvu yopanikiza imakhala itawirikiza kawiri poyerekeza ndi pamwamba, ndipo imakankhira madzi m'timitsempha mwachangu. Zidutswa za patapata ndi zoyandamitsa za pulasitiki zimene ambiri akugwiritsa ntchito masiku ano zimakhalitsa kuposa mtengo, zimenezo sindingatsutse. Koma zikaduka zimatsala m'nyanja ndi pagombe kwa zaka zosawerengeka, pamene kachidutswa ka mtengo kamaola n'kutha. Kwa msodzi amene mtengowu uli kuseri kwa nyumba yake, ine ndikuona kuti n'chanzeru kuugwiritsa ntchito pamene ukukwanira n'kusunga ndalama ya pamene sukukwanira.

Ngati mukufuna kudziwa ubwino wa mitengo ya pamalo panu, yesani nokha. Tengani zidutswa ziwiri zouma zofanana kukula, chimodzi chopaka penti china chosapaka. Ziyezeni pa sikelo ya magalamu, ngati ija ya ogula golide kapena ya m'sitolo yogulitsa mbewu, muzimangirire kumwala m'ndowa ya madzi kwa sabata, kenako muziyezenso. Kusiyana kwa kulemerako ndi madzi amene zamwa, ndipo mudzaona ndi maso anu chimene penti amachita.

Pali mitengo ina kwathu kuno yopepuka imene mungaiganizire. Chiwale, chimene chimamera m'madambo ndi m'mitsinje ya ku Nkhotakota, chili ndi mapesi aatali opepuka koma okhala ndi chikopa cholimba kunja, n'chifukwa chake chimapanga zitseko, mipando, makwerero ndi phaso, ntchito zimene ambatch sangazithe. Muwale, wa maluwa ofiira ndi khungwa lochindikala long'ambikang'ambika, uli ndi thabwa lofewa loyenera ming'oma ya njuchi, tizipando ndi zosemasema, ndipo umaphuka mukangozika nthambi yake. Mlambe, umene ndi wa banja limodzi ndi balsa ndi kapok, thunthu lake ndi ulusi wodzaza madzi, silitulutsa thabwa ngakhale nkhuni zabwino, ndipo phindu lake lili pa malambe, masamba ndi luzi. Ku India kuli m'bale wake wa ambatch, Aeschynomene aspera, amene mtima wake woyera ndi umene ankapangira zipewa zolimba zija ankavala atsamunda, ndipo mpaka lero ku Bengal amasemera zisoti za paukwati ndi maluwa okongoletsera. Izi zikusonyeza kuti kwa munthu waluso la manja, tizinthu tosema monga timabwato, tinsomba ndi timbalame togulitsa kwa alendo ku Senga Bay tingabweretse kangachepe kuposa kugulitsa mtengo wosasema.

Za kudzala balsa. Zimene mwaona pafoni zili ndi choonadi chake. Balsa, amene dzina lake la sayansi ndi Ochroma pyramidale, amafunidwa chifukwa akaikidwa pakati pa zikopa ziwiri zolimba amapanga chinthu chopepuka koma chosapindika. Ndege ya nkhondo ya Mosquito ya ku Britain, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, inali ndi balsa pakati pa mapulayiwudi. Lero amalowa m'mapiko a makina opanga magetsi ndi mphepo, m'maboti ndi m'tindege toseweretsa. Dziko la Ecuador ndi limene limagulitsa wambiri, ndipo Papua New Guinea amalimanso. Cha mu 2019 ndi 2020 mtengo wake unakwera kwambiri chifukwa mafakitale a ku China ankamufuna wochuluka, anthu anathamangira kudula mpaka m'nkhalango za Amazon, kenako mtengo unatsika, ndipo mafakitale ena anayamba kugwiritsa ntchito siponji ya pulasitiki m'malo mwake. Nkhani zambiri zoyenda pafoni zimanena za kukwerako, za kutsikako sizinena.

Balsa amakula msanga, amadulidwa ali ndi zaka zosapitirira 10, nthawi zambiri zocheperapo. Koma amafuna kutentha, nthaka yachonde yosasunga madzi, ndi mvula yambiri yogwa miyezi yochuluka pachaka. Nkhotakota amalandira mvula yabwino kuposa Salima, koma maboma onse awiri ali ndi chilimwe cha miyezi pafupifupi 6, ndipo mtengo umene wavutika ndi chilala umakula pang'onopang'ono n'kutulutsa thabwa lolemera, pamene ogula amalipira kupepuka. Vuto lalikulu koposa lili pambuyo podula. Chipika chachiwisi cha balsa chimakhala chodzaza madzi ndi cholemera, chimayamba kuda ndi kuola m'masiku ochepa, ndiye chimayenera kuchekedwa ndi kuumitsidwa m'ng'anjo yapadera mwachangu. Kumene amalima balsa, mafakitale amenewa ali pafupi ndi minda, ndipo madooko a sitima zapamadzi sali kutali. Inu mutadzala ekala lero, zaka 6 zikubwerazi mungadzakhale ndi mitengo yopanda wogula. Munthu aliyense wobwera ndi mbande kapena njere n'kukulonjezani msika wa kunja, mufunseni kuti ng'anjo yake ili kuti ndipo wagulapo kale kwa ndani. Komanso mbewu ya kunja siilowa m'dziko popanda chilolezo, ndipo amene ayenera kuyesa ngati mtengo wachilendo ungachite bwino kuno ndi a kafukufuku wa zankhalango ku Zomba, a Forestry Research Institute of Malawi. Pamalo pamene mumafuna kudzala balsa, ine ndikanadzala malaina pang'ono a matabwa a msanga, ndi mbawa yambiri m'mbali mwa mtsinje. Mbawa idzachedwa, koma ndi imene idzapereke bwato kwa ana anu, ndipo wogula thabwa lake simudzachita kumufunafuna.

Chotsala ndi kadulidwe ka mtengo wa ku Chiawo, ndipo apa ndikulankhula nanu ngati msodzi. Mizu ya ambatch imapanga ziyangoyango m'madzi, ndipo m'menemo ndi mmene tiana ta nsomba timabisala kwa adani mpaka titakula. Mbalame zimamanga zisa m'nthambi zake, ndipo mitengoyo imachepetsa mphamvu ya mafunde ndi kugwira matope obwera ndi mitsinje. Si namasupuni, amene anachokera kunja ndipo amatseka madzi. Uwu ndi wathu, ndipo kuutha n'kuchepetsa chambo cha mawa. Anthu atamva kuti uli ndi msika, gombe lonse lingayere m'chaka chimodzi, choncho musanayambe kudula wambiri kambiranani ndi amfumu, komiti ya padooko ndi alangizi a zausodzi kuti pakhale malo odula ndi malo osakhudza. Dulani apa ndi apo, mtengo umodzi mwa ingapo, kusiya ina yobereka kuti igwetse njere. Dulani madzi ataphwera, cha mu Seputembala mpaka Novembala, pamene mungathe kuona pansi ndiponso dzuwa lilipo loumitsira. Musalowe nokha, musalowe m'bandakucha kapena madzulo pamene ng'ona zimasaka, ndipo kumbukirani kuti madzi odekha a zomera zambiri ndi amene mumakhala nkhono za likodzo. Mukaona magazi mumkodzo pitani kuchipatala, mankhwala ake alipo.

Nyanja ikakwera kwambiri, monga inachitira mu 2024, mitengo ina ya m'mphepete imafa, koma madzi akabwerera matope atsopano amakhala malo abwino omeretsera. Tolani zitheba zouma, tulutsani njere, zikandeni pang'ono pamwala kapena muziviike m'madzi otentha pang'ono usiku umodzi poti chikopa chake ndi cholimba, n'kuzifesa pamatope onyowa m'mphepete momwe mwadulamo. Mbuzi ndi ng'ombe zimadya mbande zake, ndiye tchingani ndi minga mpaka madzi atabwerera.